Phunziro kwa Amisiri a ku Chilwa: Kusankha Njira Yonolera Zida

Munthu akafika m'mawa pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, amaona mabwato osema ndi maboti a matabwa atandanda m'mphepete mwa madzi, ena akuchokera ku chilumba cha Chisi ndi anthu ndi akatundu awo, ena akutsitsa matemba, makumba ndi milamba. Maso ake amathamangira ku nsomba, pakuti ndizo wadzera. Koma bwato lililonse pamenepo linayamba ladzera m'manja mwa mmisiri, ndipo mmisiriyo, asanakhudze mtengo, anayamba wakhala pansi kunola chida chake. Ntchito ya kunola sioneka pa doko, komabe moyo wa okwera boti umatsamira pa iyo. Pakuti matabwa osapalidwa bwino sagwirana, ndipo pamene matabwa sanagwirane ndi pomwe madzi amalowera.

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasandukanso dothi long'aluka. Pa nthawi zotere mabwato amatsala pa dzuwa miyezi yambiri, namang'ambika. Tsono madzi akabwerera, eni ake onse amafuna mmisiri tsiku limodzi. Nayonso mitengo ikuluikulu yosemera mabwato yasowa m'dera lino, ndipo matabwa a paini ochokera ku phiri la Zomba kapena a mlombwa ndi mbawa ochokera kutali amagulidwa ndi ndalama zambiri. Mmisiri amene awononga thabwa chifukwa cha chida chobuntha wawononga chuma cha mwini wake, wawononganso mbiri yake.

Masiku ano njira zonolera zachuluka. Pali tupa, pali mwala wa kumtsinje, pali mwala wa kusitolo, pali gudumu la magetsi, pali mapepala a mchenga, palinso timbale ta dayamondi. Mnyamata amene wayamba kumene umisiri amasokonezeka, pakuti aliyense amatama njira yake. Phunziro lino likufotokoza chimene njira iliyonse imatha ndi chimene siitha, kuti mmisiri asankhe modziwa, ndi kuti aphunzitsi ndi akulu a m'midzi athe kulangiza achinyamata amene akufuna kudya za manja awo.

1. Kunola n'kutani?

Chida chodulira chili ndi mbali ziwiri zimene zimakumana pa mzere umodzi wopyapyala, ndipo mzere umenewu m'phunziro lino ukutchedwa mlomo wa chida. Pamene chida chikugwira ntchito, mlomowo umadyeka pang'onopang'ono mpaka kukhala wobulungira. Maso sangathe kuona kubulungirako msanga, koma mtengo umakumva: puleni imayamba kudumpha, tchizulo imaphwanya m'malo modula, ndipo nsompho imatsetsereka pa mtengo osaluma. Kunola ndiko kuchotsa chitsulo pa mbali imodzi kapena pa mbali zonse ziwiri mpaka zitakumananso pa mzere umodzi.

Ntchito imeneyi ili ndi masitepe atatu, ndipo amene sawasiyanitsa ndiye amagula zinthu zosayenera. Loyamba ndi kukonza: chida chikabenthuka pa msomali, kapena mlomo wake ukakhuthala chifukwa chonoledwa zaka zambiri, pamafunika kuchotsa chitsulo chambiri ndi chinthu chokhakhala. Lachiwiri ndi kunola kwenikweni, kumene kumachitika tsiku ndi tsiku ndi mwala wosalala pang'ono. Lachitatu ndi kusalaza, ndiko kuchotsa kachitsulo kopyapyala kamene kamapindikira kumbuyo kwa mlomo ponola. Kukonza kumachitika kamodzikamodzi, koma kunola ndi kusalaza kumachitika kangapo pa tsiku. Chotero mmisiri wanzeru amaika ndalama zake poyamba pa chimene adzachigwira tsiku lililonse.

Aliyense adziwenso kuti chida chobuntha ndicho chimavulaza. Wogwira tchizulo yobuntha amakankha ndi mphamvu zake zonse, ndipo ikapulumuka sangathe kuibweza. Wosema bwato amaima m'kati mwa chipika, nsompho ikutsika pafupi ndi mapazi ake. Ikakhala yakuthwa imaluma pamene waloza, ikakhala yobuntha imanjanja n'kulondola mwendo.

2. Si mwala uliwonse umadya chitsulo

Chinthu chimadya chinzake pokhapokha chikachiposa kulimba. Mu 1812 katswiri wina wa miyala wa ku Germany, dzina lake Friedrich Mohs, anandandalika miyala motsata kulimba kwake, kuyambira 1 kufika 10. Pa muyeso umenewu mwala wa laimu uli pa 3, mchenga woyera wonyezimira wa mtundu wa quartz uli pa 7, mwala wa corundum uli pa 9, ndipo dayamondi ali pa 10. Chitsulo cha tchizulo yabwino chimayandikira kulimba kwa mchenga uja, osauposa. N'chifukwa chake mwala wokhala ndi timchenga ta quartz umanola, ngakhale mochedwa, pamene mwala wa laimu umangonyenyeka wokha, chida osasintha.

Zimenezi zikukhudza amisiri a ku Chilwa. Miyala yambiri ya pakati pa chilumba cha Chisi ndi ya mtundu wa laimu, monga anafotokozera mu 1937 Frank Dixey ndi anzake amene anayeza miyala ya dera lino. Ndiponso madambo a kumadzulo kwa nyanja ndi a dothi lamakande, losowa miyala. Tsono mwala wabwino wonolera sapezeka pakhomo. Umachokera ku mitsinje ya kumtunda kapena kusitolo. Corundum uja amapezeka m'dziko muno, ku phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu, kumene amakumbidwa ngati mwala wa mtengo wapatali. Koma corundum wa m'miyala yonolera ya kusitolo amapangidwa m'ng'anjo za magetsi kumaiko akunja.

3. Njira zimene zilipo

Tupa. Tupa ndi chitsulo cholimbitsidwa kwambiri chokhala ndi mano ang'onoang'ono. Limadya chitsulo chofewa kuposa ilo, monga cha nkhwangwa, nsompho, kasemasema, chikwanje ndi mano a sowo. Amisiri osula, amene nthawi zambiri amapanga zida zimenezi ndi masipuling'i akale a galimoto, salimbitsa chitsulo mopitirira, kuopa kuti chingathyoke pomenya mtengo. N'chifukwa chake tupa limachigwira. Koma tchizulo ndi mpeni wa puleni nzolimba kwambiri: tupa limangotsetsereka, mano ake n'kutha msanga. Tupa limadya pokankha pokha. Wolibweza molikhutiza pa chitsulo akulipha yekha. Liyenera kukhala ndi chigwiriro cha mtengo, pakuti mchira wake wosongoka umabaya chikhatho.

Mwala wa kumtsinje. Uwu ndiwo makolo ankanolera, ndipo sugulidwa. Wabwino ndi wa timchenga tosalala, tofanana, wopanda timiyala tikulutikulu. Pouyesa, munthu athire madzi, akhutize mpeni wakale. Madzi akada, ndiye kuti mwalawo ukudya chitsulo. Umathandiza pa nkhwangwa ndi nsompho, zimene milomo yake ndi yokhota kale. Vuto lake nlakuti suli wosalala ngati tebulo, ndipo tchizulo yonoledwa pa mwala wokumbika imatuluka ndi mlomo wobulungira umene sungadule mphako yowongoka.

Mwala wa kusitolo wa nkhope ziwiri. Uwu ndi mwala wopangidwa, wa makona anayi, mbali ina yokhakhala, ina yosalala. Ina mwa miyala imeneyi ndi ya corundum wopanga, ina ndi ya carborundum, imene Edward Acheson wa ku America anatulukira mu 1891. Mwala wotere umadya chitsulo chilichonse cha kalipentala, sufuna magetsi, umalowa m'thumba, ndipo wousamala amakhala nawo zaka zambiri. Pogula, mmisiri asankhe wautali masentimita 20 ndi wotakata masentimita 5, kuti mpeni wa puleni ukhalepo bwino. Ayese nkhope yake ndi lula, poiloza ku dzuwa, aone ngati kuwala sikudutsa pansi. Aupalenso ndi chikhadabo: umene ukuyoyoka mchenga ngati njerwa yosapsa sudzatha chaka. Pajatu chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Gudumu lonolera. Pa malo a malonda amene pali magetsi, monga ku Jali kapena mu mzinda wa Zomba, owotcherera zitsulo amakhala ndi gudumu limene ambiri amalitcha gilayinda. La pa tebulo limazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo la m'manja limaposa pamenepo kutali. Limachita mofulumira ntchito imene mwala ungathere ola lathunthu, koma ngozi yake ndi moto. Chitsulo cha chida chinalimbitsidwa ndi moto ndi madzi, kenaka n'kutenthedwanso pang'ono kuti chisakhale chophweka kuthyoka. Chikatenthedwa kupitirira pamenepo, kulimba kumachoka. Chitsulo chimadziulula chokha ndi maonekedwe: pa madigiri ngati 230 chimaoneka ngati udzu wouma, pa madigiri ngati 300 chimasanduka chobiriwira ngati thambo. Mlomo wa tchizulo ukafika pamenepo wafewa, ndipo sungakhalitse ngakhale unoledwe bwanji, mpaka mbali yopsayo itachotsedwa yonse. Tsono gudumu ndi la kukonza kokha, osati la tsiku ndi tsiku. Wolitengera chida akhale ndi chitini cha madzi pambali, azikhudzitsa chida mopepuka, aziviika kawirikawiri, ndipo ateteze maso ake ndi magalasi. Lilipo gudumu lina lopukusa ndi dzanja, limene limayenda pang'onopang'ono ndipo silitentha chitsulo msanga. Limeneli ndilo loyenera kumudzi.

Mapepala a mchenga. Amisiri amawatcha sandipepa. Akuda aja osaopa madzi, amene opaka utoto magalimoto amagwiritsa ntchito, akamatidwa pa galasi lochindikala amanola bwino kwambiri. Kumbuyo kwake kumalembedwa nambala: 220 ndi lokhakhala, 600 ndi lapakati, 1000 ndi losalala, nambala ikakula, timchenga timachepa. Ndi njira yotsika mtengo poyamba, ndipo imathandiza kusalaza kumbuyo kwa tchizulo yatsopano. Koma pepala limatha msanga, ndipo la nambala zazikulu silipezeka m'magolosale a kunyanja. Wokhala ku Kachulu, mtunda wa makilomita ngati 30 kuchokera ku Zomba, sangaimitse ntchito kuti akagule pepala.

Timbale ta dayamondi. Kuyambira mu 1954, pamene akatswiri a kampani ya General Electric ku America anapeza njira yopangira dayamondi, fumbi lake linayamba kupezeka mosavuta, ndipo tsopano limamatidwa pa timbale ta chitsulo. Kambale kabwino kamadya mofulumira ndipo sikakumbika pakati. Koma kabwinoko nkodula, ndipo kotsika mtengo kamayoyoka fumbi lake, n'kutsala chitsulo chokha. Amene ali ndi mbale wake ku Johannesburg wotha kumutumizira kabwino wachita mwayi. Amene alibe asadandaule, pakuti mipando yokongola inalipo dayamondi wopanga asanabwere.

Chikopa. Chomaliza ndicho chosagula: chidutswa cha lamba wakale wachikopa chomatidwa pa kathabwa. Chida chikachoka pa mwala, chimakokedwa chammbuyo pa chikopa kangapo, ndipo kachitsulo kopindika kaja kamathothoka, mlomo n'kutsala woyera.

4. Mafunso anayi ofunsa asanagule

Funso loyamba: Kodi zida zake ndi ziti? Wosema mabwato, mitondo ndi mipini, amene zida zake ndi nkhwangwa, nsompho ndi kasemasema, afunika tupa lafulati, tupa lobulungira mbali imodzi la m'kati mwa nsompho yokhota, ndi kamwala kogwira m'manja. Pa zida zotere chida chimakhala chete, mwala ndiwo umayenda. Kalipentala wa zitseko, mabenchi, mabokosi a maliro ndi maboti a matabwa afunika mwala wa nkhope ziwiri wosalala bwino, chikopa, ndi tupa la makona atatu la mano a sowo. Pa zida zake mwala umakhala chete, chida ndicho chimayenda.

Funso lachiwiri: Kodi amagwirira kuti ntchito? Boti limakonzedwa pa doko, denga limakhomedwa pamudzi pa mwini wake, bwato limasemedwa pamene mtengo wagwera. Njira imene singakwere pa njinga pamodzi ndi mmisiri idzatsala kunyumba, ndipo iye adzapitiriza ntchito ndi chida chobuntha, akudziuza kuti adzanola mawa.

Funso lachitatu: Kodi chikatha adzachipeza kuti china? Tupa limatha, pepala limatha, mafuta amatha. Njira yabwino ndi imene zofunika zake zimapezeka pa msika umene mmisiri amapitako kale. Powerengera mtengo asaone za tsiku logula lokha, koma aone za chaka chathunthu.

Funso lachinayi: Kodi ndi mafuta kapena madzi? Ponola pamafunika chonyowetsa mwala, kuti fumbi la chitsulo liyandame, lisatseke timabowo ta mwalawo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi; Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo, koma madzi amachoka ndi dzuwa lokha, mchere n'kutsalira. Madzi amchere amafulumizitsa dzimbiri, ndipo dzimbiri limayamba kudya pamene chitsulo chili chopyapyala, ndiye pa mlomo. Chotero kwa kalipentala wa kunyanja mafuta aposa madzi: mafuta a makina osokera, kapena osakaniza ndi palafini pang'ono. Mafuta ophikira sayenera, pakuti amauma n'kumata ngati ulimbo. Oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto sayeneranso, pakuti ndi wa litsiro ndipo amawononga khungu. Mwala ukamwa mafuta wakhala wa mafuta, madzi sadzalowanso bwino. Wosankha madzi atunge a mvula kapena a kumtsinje, ndipo akatha apukute chida, achipake mafuta.

Akayankha mafunso anayiwa, amisiri ambiri a dera lino adzapeza kuti zofunika zawo ndi zochepa: matupa awiri, mwala umodzi wabwino, botolo la mafuta ndi chikopa. Gudumu lopukusa ndi dzanja amisiri angapo angathe kusonkherana, n'kulisunga pa malo amodzi, popeza limafunika mwa apo ndi apo.

5. Dzanja liposa mwala

Kusankha kukatha, mmisiri akhazikike pa njira imodzi. Alipo ena amene mwezi uno ali pa mwala, mwezi wamawa pa pepala, kenaka pa gudumu, namadandaula kuti palibe chikuwayanja. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Vuto kawirikawiri silikhala mwala, koma dzanja limene silinazolowere kugwira chida mopendeka chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tchizulo ndi mpeni wa puleni zimanoledwa mbali imodzi yokha. Kumbuyo kumakhala kosalala, kogona pa mwala kwathunthu, osadzutsidwa ngakhale pang'ono. Mbali yopendeka imakonzedwa pa madigiri ngati 25, ndipo ponola tsiku ndi tsiku chida chimadzutsidwa pang'ono kufika pa madigiri ngati 30, kuti mwala uzidya kumlomo kokha. Wopanda choyezera asavutike: kutalika kwa mbali yopendekayo kukakhala kawiri kuchindikala kwa chitsulo, amenewo ndi madigiri 30, kukakhala kawiri ndi theka, ndi pafupi ndi 25. Pa mitengo yolimba monga muwanga mlomo ukhale wokhuthala pang'ono kuti usabenthuke. Pa paini ndi malaina ungathe kupyapyala.

Wonola aime molimba, zigongono zili pafupi ndi nthiti, ayendetse chida pa nkhope yonse ya mwala, osati pakati pokha. Apitirize mpaka chala chitamva kachitsulo kopindika kumbuyo kwa mlomo, kuchokera ngodya ina kufika ina. Kachitsuloko ndiko mboni yakuti mbali ziwiri zakumana; wosiya kasanatuluke wangotaya nthawi. Kenaka atembenuze mwala, abwereze pa nkhope yosalala, agoneke chida chammbuyo kawiri kapena katatu, amalize pa chikopa. Poyesa, aloze mlomo ku dzuwa: wakuthwa suoneka, wobuntha umanyezimira ngati kaulusi koyera. Ayesenso kudula kumutu kwa thabwa la paini: chida chakuthwa chimasiya posalala, chobuntha chimasiya pophwanyika.

Sowo ili ndi malamulo akeake. Imapanidwa pakati pa matabwa awiri, mano okha ali kunja. Tupa lafulati limadutsa pamwamba kuti mano onse alingane msinkhu. Kenaka mano amapindidwa mosinthana, lina kumanja lina kumanzere, kunsonga kokha osati patsinde, kuti njira ya sowo ikhale yotakata pang'ono kuposa chitsulo chake. Mtengo wauwisi umafuna kupinda kochulukirapo kuposa wouma. Pomaliza tupa la makona atatu limalowa pakati pa mano, kukankha kofanana pa dzino lililonse: molunjika pa sowo yong'amba thabwa m'litali, mopendeka pa sowo yodula chopingasa. Ocheka matabwa a ku phiri la Zomba, amene amakoka macheka aatali awiriawiri, amadziwa bwino kuti ola lonolera silitayika. Koma wogula sowo achenjere: zilipo zina za mano akuda kunsonga, olimbitsidwa ku fakitale. Zimenezi zimadula bwino poyamba, koma tupa silizigwira, ndipo zikabuntha zatha. Mmisiri wa kumudzi afune sowo yotheka kunola.

6. Kusamala zonolera

Mwala ukhale m'kabokosi kake ka mtengo kokhala ndi chivundikiro, pakuti fumbi limautseka ndipo ukagwa umasweka. Ukakumbika pakati, uwongoledwe poukhutiza pa simenti yosalala kapena pa galasi, pothira mchenga wosefa ndi madzi, mpaka lula itagona bwino. Matupa asagundane m'thumba limodzi; lililonse likulungidwe pa lokha m'kansalu kouma, ndipo mano ake azitsukidwa ndi burashi ya waya.

Pali chinthu china chimene chimavuta pamudzi. Mmisiri akagula mwala, anansi amabwera ndi zikwanje, mipeni ndi masikilo odulira mpunga, ndipo kukana nkovuta, pakuti mnansi ndiye amayamba kufika pa tsiku la tsoka. Koma chikwanje chimodzi chimakumba mwala kuposa matchizulo ambiri. Amisiri akale anali ndi nzeru pamenepa: ankaika mwala waukulu wa kumtsinje pabwalo, pansi pa mtengo, kuti aliyense anolerepo momasuka, ndipo wa ntchito ankausunga m'nyumba. Mnansi akafika ndi chikwanje, mmisiri amangoti, "Pepani achimwene, uwu ndi wa puleni, wa zikwanje ndi uwo pabwalopo, nolani mmene mufunira." Motero ubale umasungika, mwala n'kusungikanso.

Amene akuphunzitsa mnyamata umisiri amuyambitse pa mwala asanamupatse thabwa, pakuti m'mera mpoyamba. Amupatse tchizulo yakale, amuonetse kaimidwe, amugwire dzanja, amusiye abwereze masiku angapo mpaka kachitsulo kopindika kazituluka kofanana mbali zonse. Mnyamata wodziwa kunola angathe kugwira ntchito ndi zida zakale za ku msika wa kaunjika. Wosadziwa, ngakhale atapatsidwa bokosi la zida zatsopano, pakutha sabata imodzi adzakhala wopanda chida.

Mafunso okambirana

1. Kodi masitepe atatu a kunola ndi ati, ndipo ndi liti limene limachitika tsiku ndi tsiku?
2. N'chifukwa chiyani tupa limanola nsompho koma silinola tchizulo?
3. Kodi mlomo wa chida ukasanduka wobiriwira pa gudumu, chachitika n'chiyani, ndipo mmisiri achitenji?
4. N'chifukwa chiyani madzi a m'nyanja ya Chilwa sayenera kunolera zida?
5. Kodi m'mudzi muno alipo amisiri angati amene angasonkherane gudumu lopukusa ndi dzanja, ndipo angalisunge kwa yani?